Zikhomo za Msewu Wolipiritsa Zisanakhomedwe: Chilengedwe ndi Mawu a Eni Dera

Pamene chipata cholipiritsa galimoto cha pa Chingeni m'boma la Ntcheu chinatsegulidwa mu Novembala 2021, ndipo chinzake cha pa Kalinyeke ku Dedza n'kutsatira mu Januwale 2022, mkangano womwe unabuka unali wa ndalama. Oyendetsa maminibasi ndi eni galimoto anadandaula kuti mitengo inali yokwera kwambiri, ndipo pasanapite nthawi yaitali boma linaitsitsa. Dandaulo limeneli linatheka kulikonza msanga chifukwa msewu wa M1 unali pomwe wakhala kwa zaka zambirimbiri. Chomwe chinafunika kusintha chinali nambala yolembedwa pa chikwangwani basi.

Msewu wolipiritsa watsopano, wolambulidwa pomwe kale panali minda, madambo ndi nkhalango, ndi nkhani ina. Mtengo wa pachipata ukhoza kutsika ndi chikalata chimodzi cha nduna, koma msewu ukangodutsa pakati pa mudzi ndi madimba ake udzakhala pomwepo mpaka m'nthawi ya zidzukulu. Mbali yaikulu ya ubwino kapena kuipa kwa msewu wotere imagamulidwa tsiku lomwe mainjiniya ajambula mzere pa mapu, makina asanafike, anthu ambiri asanamve n'komwe kuti kukubwera msewu. Dziko lino layamba kudalira ndalama za pazipata posamalira misewu, ndipo ku Zambia boma linasainirana ndi makampani mu 2023 kuti akuze msewu wa pakati pa Lusaka ndi Ndola n'kudzabweza ndalama zawo polipiritsa oyendamo. Choncho ndi bwino kuti anthu a m'mawodi adziwiretu momwe chilengedwe ndi maganizo a eni dera zimapimidwira pa ntchito zotere, komanso nthawi yomwe mawu awo amakhala ndi mphamvu.

Chifukwa chake msewu wolipiritsa umakonda kuwongoka

Msewu wamba umamangidwa ndi ndalama za misonkho, ngongole kapena thandizo, ndipo ukhoza kukhotakhota kuti ufike pa chipatala, pa msika ndi pa sukulu. Wolipiritsa umayenera kudzipezera wokha ndalama. Mwini lole yochokera ku doko la Beira kapena la Nacala salipira pachipata chifukwa chokonda boma. Amalipira ngati msewuwo ukumupulumutsira nthawi, mafuta ndi matayala. Motero okonza mapulani amafuna msewu wowongoka, wopanda zitunda zambiri, wolambalala misika yodzaza anthu, wokhala ndi malo ochepa olowera ndi otulukira kuti galimoto zisamazembe chipata. Nthawi zina amautchinga ndi mpanda wa waya mbali zonse.

Zonsezi n'zomveka kwa munthu wowerengera ndalama. Koma malo achidikha, opanda nyumba zambiri, omwe pa mapu amaoneka ngati opanda ntchito, kawirikawiri ndiwo madambo odyetsako ng'ombe, minda ya mpunga, manda ndi nkhalango za m'mudzi. Ndiponso mlimi wopita kudimba khasu lili paphewa, mwana wa sukulu ndi wakabaza sali m'gulu la olipira pachipata, kotero n'kosavuta kuti aiwalike pamene phindu la msewu likuwerengedwa.

Zomwe zinachitika ku Wild Coast

Ku South Africa, m'chigawo cha Eastern Cape, kuli dera la m'mphepete mwa nyanja yamchere lotchedwa Wild Coast, komwe mbali ina ndi kwawo kwa anthu a mtundu wa amaMpondo. Ndi dera la zigwa zakuya ndi mitsinje yambiri, ndipo ndi limodzi mwa madera osauka kwambiri m'dzikolo. Msewu waukulu wa N2 wochokera ku East London kupita ku Durban umalilambalala n'kudzera kumtunda, ku Mthatha ndi ku Kokstad, m'mapiri momwe malole amakwawa ngati nkhono. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, gulu la makampani linabwera ndi ganizo lomanga msewu wolipiritsa wodzera kufupi ndi nyanja, ndipo bungwe la boma loona za misewu ikuluikulu la SANRAL linagwirizana nalo. Malinga ndi bungweli, njira yatsopanoyo idzafupikitsa ulendo ndi makilomita pafupifupi 70, ndipo malole olemera adzapulumutsa maola ofika atatu. Pa njirayo pakufunika milatho iwiri ikuluikulu: wa pa mtsinje wa Msikaba, wotalika mamita 580, ndi wa pa mtsinje wa Mtentu, wopitirira kilomita imodzi, womwe udzakhale mamita oposa 200 pamwamba pa chigwa.

Gawo latsopano la msewuwu likudutsa m'dera lomwe akatswiri a zomera amalitcha Pondoland Centre of Endemism, kutanthauza malo okhala ndi zomera zosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Chitsanzo chodziwika ndi kanjedza wina wotchedwa Jubaeopsis caffra, yemwe mwachilengedwe amamera m'mphepete mwa mitsinje yowerengeka chabe, makamaka Msikaba ndi Mtentu yomweyo. Pakati pa mitsinje iwiriyi pali malo otetezedwa a Mkambati, ndipo m'matanthwe a chigwa cha Msikaba mumaswana miimba. Mantha a oteteza chilengedwe sanali pa phula lokha, koma pa zomwe zimatsatira phula: nyumba ndi mashopu omera m'mbali mwa msewu, zomera zachilendo zobwera ndi galimoto, ndi anthu ofika mosavuta pomwe kale ankafika movutikira.

Boma linapereka chilolezo choyamba cha zachilengedwe mu Disembala 2003. Anthu ndi mabungwe ambiri anachita apilo, ndipo mu Disembala 2004 nduna yoona za chilengedwe, a Marthinus van Schalkwyk, inafafaniza chilolezocho. Chifukwa chake n'choyenera kuchikumbukira. Sikuti ndunayo inapeza kuti msewu ndi woipa. Inapeza kuti kampani yomwe inachita kafukufuku wa zachilengedwe sinali yoima payokha, popeza inali ndi ubale wa zachuma ndi gulu la makampani ofuna kumanga msewuwo. Woweruza mpira anali atavala yunifomu ya timu imodzi. Kafukufuku anayambiranso, chilolezo chachiwiri chinatuluka mu 2010, ndipo mu 2011 nduna ina, mayi Edna Molewa, inakana maapilo otsutsa chilolezocho. Zaka zisanu ndi ziwiri zinapita chifukwa cha funso lomwe likanafunsidwa pa msonkhano woyamba: kodi olemba lipotili ndani, ndipo adzapindula chiyani msewu ukavomerezedwa?

Ngakhale chilolezo chinatuluka, mitima ya ena sinakhale pansi. Anthu a m'midzi ya Amadiba ya kufupi ndi nyanja, kudzera m'komiti yawo ya Amadiba Crisis Committee yomwe inakhazikitsidwa mu 2007 pokana mgodi wa miyala ya titanium ku Xolobeni, akhala akunena kuti msewuwo udzagawa dera lawo pakati, kudula minda ndi mabusa, kusuntha manda, ndiponso kutsegulira njira mgodi womwe iwo akuukana. SANRAL yakhala ikukana kuti msewu ndi mgodi n'zogwirizana. Chofunika kudziwa n'chakuti anthuwa sananene kuti msewu asaumange. Anapempha kuti mzere usunthidwire kumtunda, komwe kuli midzi yambiri yofuna msewu, ndipo anabwera ndi njira yawoyawo yojambulidwa pa mapu. Yankho lomwe akhala akulandira n'lakuti njira inavomerezedwa kale ndipo kuisintha kungafune kafukufuku wina, nthawi ina ndi ndalama zina. Umu ndi momwe mzere wa pa mapu umaumira ngati simenti.

Si onse a m'deralo amene ankatsutsa. Mafumu ambiri, amalonda ndi achinyamata osowa ntchito ankaufuna msewuwo ndi mtima wonse, ndipo munthu amene ananyamulapo wodwala kuwoloka naye chigwa sangawadzudzule. Komabe ngakhale ofuna msewu anali ndi zawo. Chakumapeto kwa 2018 ntchito ya mlatho wa Mtentu inaima anthu a m'deralo atatseka njira, makamaka podandaula za ntchito ndi makontirakiti ang'onoang'ono omwe ankayembekezera. Kumayambiriro kwa 2019 makampani omanga mlathowo anasiya ntchito n'kuchoka. Kontirakiti yatsopano inaperekedwa mu 2022, pa mtengo woposa mabiliyoni anayi a ndalama ya randi, wokwera kwambiri kuposa woyamba uja. Kutali ndi kumeneko, anthu ndi amalonda a kummwera kwa mzinda wa Durban anakana zoti pa Isipingo paikidwe chipata, ponena kuti sangamalipire tsiku ndi tsiku popita ku ntchito kuti alipirire msewu wa kutali womwe sayendamo.

Ena poona mbiri imeneyi amati kufunsa anthu kumachedwetsa chitukuko. Koma zaka ndi ndalama zomwe zinatayika ku Wild Coast sizinatayike pa misonkhano yofunsa anthu. Zinatayika pokonza zomwe zinalakwika chifukwa chothamanga poyamba.

Zomwe malamulo a dziko lino amafuna

Ku Malawi, gawo 13 la malamulo oyendetsera dziko limalamula boma kusamalira chilengedwe moganizira ndi mibadwo ya m'tsogolo yomwe. Lamulo loona za kasamalidwe ka chilengedwe la mu 2017, lomwe linalowa m'malo mwa la mu 1996, linakhazikitsa bungwe la MEPA, ndipo limafuna kuti ntchito zikuluzikulu monga misewu yatsopano zisayambe popanda kafukufuku woona momwe zidzakhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu. Kafukufukuyu amadziwika ndi dzina lachidule loti ESIA. Mwini ntchito, kaya ndi bungwe la Roads Authority kapena kampani yogwirizana ndi boma, amayamba wapereka chikalata chofotokoza mwachidule zomwe akufuna kuchita. Kenaka pamabwera gawo losankha nkhani zoyenera kufufuzidwa, kafukufuku weniweni, lipoti, kuunikidwa kwa lipotilo, ndipo pomaliza chilolezo chokhala ndi mfundo zoyenera kutsatidwa, kapena kukanidwa.

Pa magawo onsewa, lomwe anthu ambiri amaliphonya ndi lija losankha nkhani zofufuza, chifukwa limachitika mwakachetechete, nthawi yomwe msewu ukadali mphekesera. Komatu apa ndi pamene njira zosiyanasiyana zimakhala zikadali pa tebulo. Lipoti labwino limayenera kuonetsa njira zingapo zomwe zinaganiziridwa, kuphatikizapo kungokonza ndi kukuza msewu womwe ulipo kale, ngakhalenso kusamanga n'komwe, ndi kufotokoza chifukwa chake imodzi yasankhidwa. Lipoti lomwe likuonetsa njira imodzi yokha, kapena lomwe njira zinazo lazitchula m'mizere iwiri pongokwaniritsa mwambo, likungodalitsa chomwe chinagamulidwa kale. Khansala kapena mfumu yomwe ili ndi nthawi yowerenga mutu umodzi wokha wa lipoti lochindikala, iwerenge umenewu.

Mawu obwera mochedwa amapulumutsa zochepa. Mu 2021 mitengo ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta ku Lilongwe itayamba kugwetsedwa pokonzekera kukuza msewuwo, anthu anadandaula kwambiri, koma mtengo wogwa sudzukanso. Ku Nairobi m'dziko la Kenya, pomanga msewu wolipiritsa wa Nairobi Expressway womwe unatsegulidwa mu 2022, kudandaula kwa anthu kunachititsa kuti mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, a Uhuru Kenyatta, alamule mu 2020 kuti mkuyu wina wakalekale wa ku Westlands usadulidwe. Mkuyuwo unapulumuka. Mitengo ina yambirimbiri ya m'njira yomweyo inapita.

Madzi, maenje ndi njira zowolokera

Pa zonse zopimidwa, madzi ndiwo oyamba. Msewu waukulu umamangidwa pa mtumbira wokwera, ndipo mtumbira wodutsa m'dambo umagwira ntchito ngati khoma la damu. Makalavati akachepa kapena akaikidwa polakwika, minda ya kumtunda imamira pamene ya kumunsi ikuuma, ndipo pomwe madzi onse akakamizidwa kutulukira pa kamwa limodzi pamakumbika chigwembe chodya minda chaka ndi chaka. Akale anati madzi saiwala khwawa. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa m'maboma a kummwera zomwe zimachitikira misewu ndi milatho pamene madzi apitirira muyeso womwe omanga ankayembekezera. Apa mpomwe nzeru za eni dera zimaposa za mlendo. Injiniya wobwera mu Ogasiti amapeza khwawa louma lomwe mwana angalumphe, koma agogo a pamudzipo amadziwa nthambi ya mtengo pomwe zinyalala za madzi osefukira zinakodwa. Umboni wotere ndi wofunika kuupereka, ndi kuonetsetsa kuti walembedwa.

Kenaka pali maenje okumbamo dothi ndi miyala. Msewu wautali umadya dothi lochuluka, ndipo maenje osiyidwa osakwirira amadzaza madzi nthawi ya dzinja, n'kusanduka moswana udzudzu ndi misampha ya ana ndi ziweto. Nthawi zambiri maenjewa sakhala m'malire a msewu, koma m'minda ya anthu yomwe kontirakitala wabwereka mwa mgwirizano wa pakamwa. Fumbi, phokoso la zophulitsira miyala lomwe limang'amba makoma a nyumba, madzi otungidwa m'mitsinje yomwe anthu amadalira, ndi misasa ya antchito obwera opanda mabanja awo m'dera lomwe muli atsikana a sukulu, zonsezi ziyenera kupezeka m'lipoti pamodzi ndi njira zozichepetsera. Palinso chotsatira china chomwe malipoti amakonda kuchipeputsa: msewu wabwino wofika pafupi ndi nkhalango umafupikitsanso ulendo wa thumba la makala kupita mu mzinda. Aliyense woyenda m'misewu ikuluikulu ya dziko lino amaona matumba ali ndandanda m'mbali.

Nkhani ya powolokera ndi yomwe imapweteka tsiku ndi tsiku msewu ukatha. Pa msewu wa galimoto zothamanga, wotchingidwa ndi mpanda, mtunda wa pakati pa malo awiri owolokera ndiwo umagamula ngati mayi adzafika ku mjigo m'mphindi zisanu kapena m'theka la ola. Malowo akatalikirana, anthu amadula waya n'kumawoloka paliponse, ndipo maliro amayamba. Njira za ng'ombe ndi ngolo zimafuna podutsira pansi pa msewu pokwanira bwino, osati kalavati yoti munthu adutse chowerama. Mamembala a komiti ya chitukuko ya m'mudzi akhoza kujambula okha mapu a njira zonse za kumunda, kusukulu, kuchigayo, kumanda ndi kutchalitchi kapena kumzikiti, n'kuwapereka kwa ochita kafukufuku. Pomwepo ndi pofunsanso za misika yomwe msewu watsopano udzailambalale, pakuti amayi ogulitsa tomato, mbatata ndi chimanga chootcha kwa apaulendo sadzataya munda kapena nyumba, koma adzataya makasitomala, ndipo kawirikawiri mayina awo sapezeka pa mndandanda wa olandira chipukuta misozi.

Kupima zinthu zosalingana

Anthu ena akadandaula amauzidwa kuti walira mvula walira matope. Mwambiwu ndi woona, koma suyankha funso lakuti matopewo agwere pakhomo pa yani, ndiponso ngati sakanatha kuchepa. Akatswiri amatsata ndondomeko yokhala ndi masitepe. Choyamba ndi kupewa: kusuntha mzere kuti dambo, manda kapena kasupe zisakhudzidwe. Zikakanika, kuchepetsa: mlatho m'malo mwa mtumbira, msewu wopapatizako podutsa m'nkhalango. Kenaka kubwezeretsa zomwe zaonongeka, monga kukwirira maenje ndi kudzala udzu ndi mitengo. Pomalizira penipeni mpamene pamabwera kulipira kapena kuteteza malo ena m'malo mwa omwe aonongeka, monga momwe chilolezo cha ku Wild Coast chinalamulira kuti pakhale malo ena otetezedwa.

Chiyeso chachikulu kwa omanga ndi kulumpha masitepe oyambawo n'kuthamangira lomaliza, chifukwa kulonjeza mbande n'kotsika mtengo kusiyana ndi kusuntha msewu. Koma mbande chikwi za bulugamu sizilowa m'malo mwa nkhalango ya kumanda yomwe yasunga mitengo yachilengedwe kwa zaka zosawerengeka, ndipo dambo silingasamutsidwe. Phindu la msewu limawerengeka mosavuta m'makwacha: mafuta, maola, matayala. Ntchito ya dambo yosunga madzi a m'zitsime mpaka mu Okutobala ilibe risiti, ndipo chosalembedwa mtengo chimaoneka ngati chaulere. Kupima kwachilungamo sikutanthauza kuti chilengedwe chizipambana nthawi zonse. Pali madera omwe msewu ndi wofunika kotero kuti kutaya minda ina n'koyenera. Chofunika n'chakuti zotayikazo zitchulidwe poyera, otaya adziwike ndi mayina, ndipo chifukwa chokanira njira ina chilembedwe pomwe aliyense angachiwerenge ndi kuchitsutsa.

Za chipukuta misozi, gawo 44 la malamulo oyendetsera dziko limanena kuti katundu wa munthu angatengedwe pokhapokha ngati ndi pa ntchito yothandiza anthu onse, mwini wake atadziwitsidwa mokwanira ndi kulipidwa moyenera, ndipo ali ndi ufulu wokadandaula ku khoti. Malire a msewu waukulu ndi mamita 60, kutanthauza mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati. Pamakhala tsiku lotsekera kalembera wa katundu, ndipo chomangidwa kapena chodzalidwa pambuyo pa tsikulo sichilipidwa. Mwini katundu ayenera kukhalapo powerenga mitengo, mbewu ndi nyumba zake, ndi kusunga pepala lake la zomwe zalembedwa. M'madera a chikamwini, komwe munda ndi wa mayi ndi mbumba yake, n'kofunika kuonetsetsa kuti dzina lolembedwa ndi la mwini munda weniweni, osati la yemwe anangopezeka pakhomo tsiku la kalembera.

Msonkhano womva ndi msonkhano wouza

Si msonkhano uliwonse wa pansi pa mtengo umene uli wofunsa anthu. Ulipo wina womwe alendo amafika ndi galimoto, mfumu n'kulandira, bwana n'kufotokoza ubwino wa ntchito, anthu n'kuwomba m'manja, pepala la mayina n'kuzungulira, ndipo pepalalo n'kukaikidwa kumapeto kwa lipoti ngati umboni wakuti anthu anavomera. Kusaina kuti munthu analipo sikuvomera.

Msonkhano weniweni umadziwika ndi zizindikiro zake. Umalengezedwa masiku angapo usanachitike, ndipo suikidwa pa tsiku la msika kapena m'mawa wa nthawi yopalira. Mapu amaonetsedwa, okhala ndi mayina a midzi ndi mitsinje omwe anthu akuwadziwa. Zokambirana zimachitika m'chiyankhulo cha m'deralo. Amayi, achinyamata, anthu a ulumali ndi obwereka minda amapatsidwa mpata wawo, nthawi zina paokha, chifukwa pamaso pa mafumu ndi akuluakulu a boma si onse amamasuka. Chizindikiro chachikulu chimaoneka pambuyo pake: lipoti limayenera kukhala ndi mndandanda wa mafunso ndi madandaulo onse, ndi yankho pa lililonse, losonyeza chomwe chasintha kapena chifukwa chomwe sichinasinthe. Pa msonkhano wotsatira, anthu ali ndi ufulu wopempha kuti mndandandawo uwerengedwe mokweza.

Njira zoperekera maganizo zilipo kale m'dongosolo la maboma ang'ono lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998. Nkhani imachoka ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, yomwe ambiri amaitcha VDC, kupita ku komiti ya dera la mfumu yaikulu, ya ADC, mpaka ku khonsolo kudzera mwa khansala wa wodi. Ku khonsolo kuli mkulu woona za chilengedwe ndi komiti ya akatswiri yoona za chilengedwe m'boma. Dandaulo lolembedwa, lokhala ndi deti ndi chidindo chosonyeza kuti lalandiridwa, limakhala ndi moyo wautali kuposa loyankhulidwa. Ndiponso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limalola nzika kupempha zikalata monga lipoti la kafukufuku ndi mfundo za chilolezo. Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani ya msewu mwambiwu umachita kukhala ngati unapekedwera pomwepo.

Funso la kulipira lisasiyidwe kuti lidzakambidwe chipata chitamangidwa. Kodi chipata chidzakhala pati? Chikaikidwa pakati pa mudzi ndi chipatala kapena msika wake, mtengo wa minibasi ndi wa thumba la feteleza udzakwera kwa anthu omwe ataya kale minda. Kodi okhala pafupi adzachotseredwa? Kodi msewu wakale udzapitiriza kusamalidwa kuti wosatha kulipira akhale ndi podzera? Kodi mgwirizano ndi kampani ndi wa zaka zingati, ndipo galimoto zikachepa ndani adzalipire kusiyanako? Amalawi omwe anakhalako ku Johannesburg akudziwa nkhani ya e-toll m'misewu ya chigawo cha Gauteng. Kulipiritsa kunayamba mu Disembala 2013, oyendetsa galimoto ambiri anakana kulipira ponena kuti sanafunsidwe mokwanira, ndipo mu Epulo 2024 boma linazimitsa makinawo. Ngongole yomangira misewuyo inatsala m'manja mwa boma, kutanthauza okhoma msonkho onse, ndi omwe sanayendepo m'misewuyo.

Chilolezo chikaperekedwa, ntchito ya anthu a m'wodi imasintha koma siitha. Lipoti lililonse lovomerezeka limakhala ndi pulani ya kasamalidwe ka chilengedwe ndi anthu, yomwe imatchula chochitika chilichonse, wochichita, nthawi yake ndi ndalama zake: kuthira madzi pa fumbi kangati, maenje adzakwiriridwa liti, mjigo wophwasulidwa udzabwezeredwa kuti. Ndi bwino kuti ADC ikhale ndi kope la pulaniyi, ndiponso kuti komiti yolandira madandaulo ikhazikitsidwe makina asanayambe kukumba, muli amayi ndi abambo osankhidwa ndi anthu okhudzidwawo, osati otchulidwa ndi kontirakitala. Komitiyi iziyendera maenje, ngalande ndi malo owolokera pamodzi ndi a ku khonsolo, makamaka mvula yoyamba ikagwa, pamene zolakwika za makalavati zimaonekera. Zomwe zapezeka zilembedwe ndi kuperekedwa kontirakitala asanapasule msasa wake ndi kukweza makina pa malole, popeza ndalama zake zomaliza zimakhala zisanatuluke ndipo katapila wokwirira dzenje amakhala akadali pafupi.